Mpunga wa Alamu

Dzina loti a Samalani analitola pa wailesi. Anali mkulu wa labotale yoyeza zakudya, ndipo sabata iliyonse ankapatsidwa kanthawi kolangiza anthu za chimanga chowola, mtedza wachuku ndi mafuta ophikira okayikitsa. Chilichonse ankayamba ndi mawu omwewo: "Samalani, abale anga." Anthu anawatchula choncho mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, ngakhale kwa apongozi awo.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto linali loti nzeru zawo zinalibe chivindikiro. Ukawafunsa nthawi, ankayamba ndi mmene wotchi imayendera. Pa ukwati wa mwana wa mnzawo anaimirira anthu ali mkati mwa kudya, n'kufotokoza zimene zimamera mu mtedza ukasungidwa ponyowa, ndipo mbale zambiri zinabwerera kukhitchini zili zodzaza.

Kunyumba kwawo chakudya chamumsika sichinkalowa. Mpunga, soya ndi mafuta a mpendadzuwa zinkachokera kwa alamu awo, achimwene a akazi awo, omwe anali ndi shedi yaikulu yogulira mbewu kwa alimi. Anthu akakolola, alamuwo ankabwera ndi matumba pa galimoto n'kuwatsitsa okha pakhonde. A Samalani ankapisa dzanja m'thumba, kununkhiza, n'kuvomereza ndi mutu. Mpunga umenewo sanauyezepo. Ankati m'bale sayezedwa, komanso mphuno yawo inali itapita nawo limodzi ku yunivesite.

Chaka china kunabuka nkhani ya mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chimathamanga ngati mikanda chikatayika pansi. Okumba golide ankakokera nacho golide mumchenga, zotsala n'kumatsikira mumtsinje, ndipo mbewu zothiriridwa ndi madziwo zinkamwa nawo. Ogula akunja anayamba kubweza chitowe ndi soya. Ndiye labotale inalandira makina atsopano, chibokosi choyera chachikulu ngati chitofu. Umaika timbewu pang'ono pa kasupuni kachitsulo, makinawo n'kutitentha, kenako n'kujambula mzere pa kompyuta. Mzerewo ukagona pansi ndiye kuti mbewu ili bwino. Ukakwera n'kudutsa kamzere kofiira, mbewuyo isayandikire pakamwa pa munthu.

Amene anapita kukaphunzira za makinawo anali wachiwiri wawo, mayi wofatsa pakamwa, wamaphunziro ofanana ndi awo, yemwe ankayang'ana mpando wa a Samalani monga mphaka amayang'anira nyama ili m'mbale ya mwini nyumba. Koma a Samalani analamula kuti pa tsiku lotsegulira makina batani adzadina okha.

"Tidzayeza mpunga wa mitundu iwiri," anamuuza. "Wina mukagule kumsika, kwa amayi aja amayala pansi pafupi ndi ngalande. Winawo ndidzabwera nawo wakunyumba kwanga. Anthu adzaone kusiyana kwa umbuli ndi kusamala."

"Tisauyeze kaye patokha, bwana?"

"Mukufuna kuyeza chimene ndimadya ine?"

"Ayi, bwana. Ndangofunsa."

Tsikulo panja anamanga tenti. Mlendo wolemekezeka, bambo wonenepa wochokera ku likulu, analimbana ndi riboni ndi sizasi yobuntha mpaka inaduka, anthu n'kuwomba m'manja. Kuseri kwa labotale akazi a a Samalani anali atayala mapoto akuluakulu a mpunga ndi nkhuku, chifukwa amuna awo anakana kuti alendo adye zophikidwa ndi munthu wosadziwika.

Onse atadzazana m'chipinda cha makina, a Samalani anakweza mabotolo awiri m'mwamba.

"Nkhomaliro imene mudye lero ndi ya mpunga uli kumanjawu," anatero. "Ndi umene ndimadya ine, akazi anga ndi ana anga. Uli kumanzerewu ndi umene mumadya inu."

Anthu anaseka mwaulemu. Anayamba ndi wamumsika. Makina anang'ung'udza ngati firiji, maso onse ali pa kompyuta. Mzere unayenda chogona, unatukula mutu pang'ono ngati munthu wofuna kuyetsemula, n'kugonanso. Kamzere kofiira sunakayandikire n'komwe.

"Nthawi zina mbuli imakhala ndi mwayi," anatero a Samalani, akupukuta kasupuni. "Tsopano muone mpunga weniweni."

Mzere wa mpunga weniweniwo sunachedwe. Unadzuka, unadutsa kamzere kofiira osapereka moni, n'kumakwerabe mpaka kompyuta inachita kuchepetsa chithunzi kuti phiri lonselo lioneke. Mtolankhani wina anafunsa ngati kukwera kotero kumasonyeza kuchuluka kwa mavitamini.

"Makina akayenda ulendo wautali amakhala ndi chizungulire," anatero a Samalani. "Tibwereze."

Anabwereza. Phiri linabweranso, lofanana ndi loyamba ngati mapasa.

"Mabotolowa asinthanitsidwa."

"Lanulo mwabwera nalo m'thumba la jekete, bwana," anatero wachiwiri uja. "Simunalole munthu kulikhudza." Analankhula motsitsa mawu monga mwa khalidwe lake, koma anali ataima pafupi ndi maikolofoni.

Mlendo wolemekezeka anayang'ana kompyuta, anayang'ana pawindo pomwe pamaoneka utsi wa mapoto, n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano wina wofunika kwambiri. Galimoto yake inatuluka pageti madalaivala ena asanatsirize kusamba m'manja. Atolankhani anadya nkhuku yokha, akumakutumula chidutswa chilichonse kuti njere ya mpunga isatsalirepo.

Akazi awo anawapeza kuseri ataima ndi chipande m'manja.

"Bambo a ana, mpunga wonsewu ndiutani?"

"Mayi, musandifunse pano."

"Ndikufunseni kuti? Mwandidzutsa mbandakucha kuti ndidzaphikire agalu?"

"Ngakhale agaluwo musawapatse."

Atafika kunyumba ndi mapoto olemera monga anapitira, a Samalani anafotokoza zonse, kuyambira mmene mekyule imalowera mumtsinje mpaka mmene imakhazikikira m'thupi la munthu. Akazi awo anamvetsera akuchotsa ndolo.

"Ndiye makina obwera dzulodzuloli amudziwe mchimwene wanga kuposa ine?"

"Makina sadziwa munthu, mayi. Amadziwa mpunga."

"Pitani mukamufunse mwini wake. Koma mukamufunse ngati mlamu wanu, osati ngati muli pa wailesi."

M'mawa mwake anapita ku shedi. Anali asanafikeko chiyambire, chifukwa matumba ankawapeza okha pakhonde. Pabwalo panali malona oyanikapo mpunga ndi mpendadzuwa, nkhunda zikutola m'mbali. Mkati munali sikelo, milu ya matumba mpaka kudenga, ndi fungo la fumbi la mbewu. Kumapeto kwa shedi yomweyo, pansi pa denga lomwelo, amuna awiri anali atanjuta mozungulira kachiwaya. Wina ankawotcha kachibulumwa kotuwa ndi moto wa gasi, ndipo kautsi kopyapyala kankayenda pang'onopang'ono kulowera ku matumba. Kachibulumwako kankasanduka kachikasu.

Alamu awo anatulukira akupukuta manja, makiyi akulira m'chiuno.

"Alamu afika okha lero. Kwagwanji? Mpunga watha kale?"

"Alamu, kodi apo akuchita chiyani?"

"Akuyeretsa golide. Alimi anga akumtsinje masiku ano ali ndi makasu awiri, lina la mpunga, lina la golide. Munthu akabwera ndi matumba amabweranso ndi kachibulumwa m'thumba la malaya. Ndimubweze?"

"Utsi umenewu ndi poizoni. Umatera pa mbewu. Ndipo mpungawo umabwera utamwa kale kumunda."

Alamuwo anaseka mpaka anagwira mzati. "Mwakhala mukuudya zaka zingati, alamu? Taonani mimba yanuyo. Ikuoneka ya munthu wodya poizoni?"

A Samalani anakoka jekete kubisa mimba n'kunena za kamzere kofiira, ndi mmene mpunga wapakhomo pawo unakadumphira pamaso pa alendo. Alamuwo anasiya kuseka. Anakoka mabenchi awiri, anatumiza munthu kukagula zakumwa zozizira, n'kukhala pansi mwaulemu.

"Tandiphunzitseni, poti ine sukulu ndinaisiyira panjira. Kamzere kofiirako kamatanthauza chiyani kwenikweni?"

Limenelo linali funso, ndipo funso kwa a Samalani linali ngati nyambo kwa nsomba yanjala. Anafotokoza kuti pali mlingo wololedwa, kuchuluka kwa mekyule komwe kungapezeke pa kilogalamu iliyonse ya mbewu, ndipo makina amangoona ngati mbewu yadutsa mlingowo kapena ayi.

"Pa kilogalamu iliyonse," anabwereza alamuwo. "Nanga thumba loipa likasakanizidwa ndi matumba ambiri abwino?"

"Chiwerengero chimatsika, n'zodziwikiratu. Koma pamafunika kusakaniza kwenikweni, chifukwa oyendera mashedi satapa pamwamba pokha."

"Amatapa pati?"

A Samalani anatola kamtengo n'kujambula thumba pa fumbi. Anasonyeza pamwamba, pakati ndi pansi. Anajambula mulu wa matumba ndi m'makona momwe oyendera amakonda kubaya. Anafika mpaka powerengera kuti phiri ngati ladzulo lingafune mpunga wabwino wochuluka bwanji kuti ligone. Alamuwo ankagwedeza mutu, kufunsa pomwe sanamve, ndipo amuna a golide aja anazimitsa moto n'kusendera pafupi. Chichokereni manyazi adzulo, aka kanali koyamba a Samalani kumva kuti ndi munthu.

"Koma zimenezi n'zoletsedwa," anawonjezera akudzisasa fumbi m'manja.

"Inde, inde. Ine ndimangofuna kudziwa basi."

Anatsanzikana bwino. Ali pakati pa ulendo wobwerera, pamalo pomwe msewu umakhota pafupi ndi chigayo, m'pamene zinawafika m'mutu kuti aphunzitsa alamu awo kubisa poizoni mu mpunga. Anaimika galimoto pambali. Manja awo ankanjenjemera pa chiwongolero, ndipo anakumbukira kuti iwo omwe anauzapo dziko lonse kuti chizindikiro chimodzi cha mekyule m'thupi ndi kunjenjemera kwa manja.

Anafika ku ofesi thukuta lili kamukamu, n'kuitanira wachiwiri wawo m'chipinda cha makina, chitseko n'kutseka.

"Makinawa angayeze munthu?"

"Amayeza tsitsi, bwana. Mekyule ya m'zakudya imasungika m'tsitsi."

Mutu wa a Samalani unali wosalala ngati dzira, ukuwala ndi getsi lakudenga. Wachiwiriyo anauyang'ana mofatsa, mbali zonse, ngati mlimi woyendera munda womwe sunamere.

"Kapena la amayi kunyumba?"

"Limene amavalalo ndi logula."

"Ndiye zatsala zikhadabo za kumapazi, bwana."

Mkulu wa labotale anavula nsapato ndi masokosi, anakweza phazi pa mpando, n'kuyamba kuwenga zikhadabo, mimba ikuwatchinga. Wachiwiriyo anagwira kambale kagalasi pansi pake mosasonyeza chilichonse pankhope. Atazitsuka n'kuziyeza, mzere unakwera ndithu, koma osati mochititsa mantha.

"Ilimo, koma si yoti ikupheni," anatero mayiyo. "Musiye mpungawo, itsika yokha. Manjawo akunjenjemera ndi mantha chabe." Anapukuta kambale. "Ndipo musadandaule za shedi ija. Ndatumiza kale uthenga kwa oyendera mashedi, m'dzina lanu. Ndinadziwa kuti mungafune kutero."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi ya ndani?"

"Mumaitamanda tsiku lililonse nthawi ya tiyi, bwana."

Oyenderawo analibe galimoto sabata imeneyo. Pomwe anafika, shedi inali yosesedwa bwino, pansi powaza madzi. Owotcha golide anali atasamukira kwina, ndipo pakona panali matumba ochepa, ounjikidwa bwinobwino ngati osiyira alendo. Anawalanda, anajambulitsa atawaponda ndi phazi, nkhani n'kutuluka m'nyuzipepala: mkulu wolimba mtima waulula mlamu wake yemwe.

Poyamba a Samalani anafuna kutsutsa. Koma mafoni anayamba kulira. Mlendo wolemekezeka uja anaimba yekha, kunena kuti dziko likufuna anthu otere. Anthu osawadziwa ankawagwira chanza m'sitolo. Pofika kumapeto kwa sabata anali atayamba kukumbukira kuti mwina tsiku lija anachita dala, kuti anthu atengerepo phunziro. Nkhaniyo anaidula n'kuiika m'felemu pamwamba pa desiki.

Kunyumba kunalibe felemu. Akazi awo ankaika tiyi patebulo ngati akulipira chindapusa. Apongozi anatumiza mawu oti chibale ndi fupa sichiwola, koma mkamwini ndi mnofu chabe. Matumba otsala pakhonde anakatayidwa kudzala, ndipo a Samalani anayamba kutuma wantchito kumsika, kwa amayi aja oyala pafupi ndi ngalande, atamulangiza kuti asanene kuti watumidwa ndi ndani.

Patapita milungu ingapo, alamu awo anatulukira ku labotale atavala suti. Analibe mkwiyo ngakhale pang'ono. Anapereka moni kwa aliyense, kuyambira mlonda wapageti. Anali ndi mpunga watsopano, m'matumba atsopano okhala ndi chithunzi cha mwana womwetulira, ndipo oyendera mashedi anali atatapa okha pamwamba, pakati ndi pansi monga mwa lamulo.

Wachiwiri uja anaika timbewu pa kasupuni. Mzere unadzuka n'kuyamba kukwera. A Samalani anapezeka akuupempherera chamumtima kuti udutse. Unafika pafupi ndi kamzere kofiira, n'kuwerama ngati munthu wamtali wolowa pakhomo lalifupi, n'kutsika. Anayeza wapakati, anayeza wapansi. Konse unawerama pamalo omwewo.

"Uli pansi pa mlingo, bwana," anatero wachiwiriyo, akuwasendezera chikalata ndi chidindo. "Wosakanizayo ndi katswiri, ngati alipo. Mukudziwapo kanthu?"

A Samalani anayang'ana alamu awo. Alamuwo ankayang'ana kudenga, akusirira magetsi. Kunena kuti mpungawo ndi wosakaniza kukanabweretsa funso loti adziwa bwanji, ndipo kuseri kwa funso limenelo kunali amuna awiri a golide omwe anaona chithunzi pa fumbi. Anayang'ananso felemu yomwe inkaoneka kudzera pakhomo la ofesi.

"Palibe chimene ndikudziwa," anatero, n'kudinda.

Alamuwo anawaperekeza okha mpaka pakhonde, dzanja lili paphewa.

"Mphunzitsi ngati inu kulibe, alamu. Ine ndimanena nthawi zonse kuti mlongo wanga anakwatiwa ndi mutu. Zanyuzipepalazo ndinazikhululuka kale, ntchito ndi ntchito."

"Mpungawu mukugulitsa kuti?"

"Ndapeza ogula okhazikika. Sukulu yogonera ija kuli mwana wanu wotsiriza. Ankangodikira chidindo chanu, ndi anthu osamala kwambiri. Tsopano mdzukulu wa amayi azidya zapakhomo ngakhale ali kutali."

Madzulo a tsiku lomwelo a Samalani anabwereka foni ya wantchito, anaphimba pakamwa ndi kampango, n'kuimbira mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo ndi mawu onenepa.

"Ndine kholo lokhudzidwa. Ndikufuna kukuchenjezani za mpunga umene mukufuna kugula. Samalani..."

"A Samalani, ndinu kodi? Mwadwala chimfine?" anatero mphunzitsiyo mosangalala. "Musade nkhawa, bwana. Tinakana mpunga wina uliwonse mpaka titaona wodindidwa ndi inu. Makolo onse tawauza."

Loweruka lotsatira ananyamula buledi, mbatata ndi mabisiketi, n'kupita kusukuluko. Mwana wawo anawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi holo yodyera. Anali mtsikana wowonda, wamaso akuthwa ngati a mayi ake, ndipo anali atagwira kale mbale ndi supuni.

"Adadi, mwabwera tsiku lolakwika. Lero n'la mpunga."

"N'chimene ndabwerera. Mpungawo usamadye. Uzidya izi."

Mtsikanayo anasuzumira m'jumbo n'kukwinya mphuno. "Mpunga ndi chakudya chokhacho chabwino pano. Wakale unali wamiyala. Uno anzanga akuti ndikuthokozereni."

"Ndanena kuti usamadye."

"Uli ndi chiyani? Si inu munadinda?"

"Ulibe kanthu. Uli pansi pa mlingo." Anayang'ana mbale ya mwanayo. "Chabwino, uzidya theka lokha."

"Pano sataya chakudya, amatilanga. Theka linalo ndizimupatsa mnzanga uti?"

A Samalani anayang'ana mzere wa atsikana womwe unali utayamba kale kupangika pakhomo la holo, aliyense ndi mbale yake, ena akukankhana, ena akuimba. Wina anawazindikira n'kugunyuza mnzake, ndipo angapo anawakwezera manja. Iwo anakwezanso lawo. Belu linalira, mwana wawo anawalanda jumbo la mabisiketi, anawasiyira buledi ndi mbatata, n'kuthamanga kukapeza malo ake pamzere.